Kachitseko ka Bwato la a Namondwe

Mzime anadziwira pa ndowa ya zinyalala kuti bambo ake akugona ndi njala.

M'mawa uliwonse ndowayo inkatsika pa chingwe kuchokera m'bwato, iye n'kuimasula, kukataya, kuitsuka n'kuibwezera. Zaka zonse inkabwera yodzaza ndi timapepala ta pulasitiki, ta mpunga, ta nyemba, ta mkaka wa ufa, tonse tonyambitidwa mpaka kuwala, chifukwa bambo ake sankadziwa kusiya chakudya. Ulendo uno munkangopezeka mapepala a mabisiketi okha, ong'ambika mokhotakhota, m'mphepete mukuoneka momwe mwadutsa mano.

Mabisiketi ankakhala m'kathumba ka ukonde pafupi ndi mpando wopalasira. Chakudya chenicheni chinali m'zigubu zabuluu pansi pa mpandowo, ndipo zivundikiro zake Mzime anazipotokola yekha ndi manja awiri mpaka mitsempha kutuluka, kuti madzi amchere asapeze polowera. Ndiye kuti zigubuzo zinali zisanatsegulidwe n'komwe.

Anakweza maso. Bwatolo linali pamwamba pa ngolo yake pakati pa shedi, lalitali, lopyapyala, m'mbali mwake modzaza mayina a makampani. Bambo ake anali pampando, akukoka nkhafi zomangidwa ndi mphira kukhoma, kutsogolo, kumbuyo, mpando ukulira pa tinjanji take.

"Bambo, mwadzuka bwanji?"

Sanayankhe. Sunali mwano, linali lamulo.

Kunjaku aliyense ankawadziwa kuti a Namondwe, munthu wowoloka nyanja zamchere yekhayekha, wopanda injini, wopanda thanga, mikono yokha ndi nkhafi ziwiri. Ankanyamuka mwana wa mnansi ali wakhanda n'kudzabwera mwanayo akukwawa. Atolankhani ankalemba za anangumi, za mafunde otalika ngati nyumba zosanja, za ndevu zimene ankabwera nazo. Za shedi panalibe wolemba. Koma ulendo uliwonse unkayambira m'shedi muno, pa lamulo la malemu mayi ake a Mzime: munthu asanaone nyanja ayambe wakhala m'bwato pamtunda sabata yathunthu, akudya za m'bwato, akugona m'bwato, osachezetsedwa, osathandizidwa ngakhale kutoleredwa supuni. Phazi likangoponda simenti, kapena pakamwa pakangotuluka mawu oti "tandithandiza," ulendo wa chaka chimenecho wathera pomwepo. Mayiwo ankati, "Zolephera muzilepherere pano pamene ndingathe kukusekani. Kumadziko kulibe wokusekani, kuli wokudyani."

Mayi atamwalira, lamulolo linagwera Mzime pamodzi ndi mapoto ndi makina omatira timapepala ta chakudya. Achimwene ake, a Chisamba, anatenga mbali yoyera: masuti, mafoni, kugwirana chanza ndi akuluakulu a makampani. Iye anatenga mbali ya mpunga. Ankadziwa mchere umene mimba ya bambo ake imalola, ankadziwanso kuti mtedza ukabisidwa pansi pa chigubu amakaupeza patapita miyezi n'kusangalala ngati mwana.

Tsono anaima pamenepo ndowa ili m'manja, mwana wake akudzikuta kumsana, n'kuyang'anitsitsa manja a bambo ake. Lamanzere linali litagwira nkhafi bwinobwino. Lamanja linali m'golovesi, ndipo pamwamba pake panali pokulungidwa chidutswa cha chubu cha njinga, kumangirira dzanjalo ku nkhafi.

Zinthu zimene ankakana kuziphatikiza zinadziphatikiza zokha. Kapu ija inagwa mwezi watha, bambo n'kunamizira sopo. Malaya a mabatani anasiya kuvala, ati kukutentha. Nsapato za zingwe anagawira mlonda. Ndipo tsiku lina atawapatsira mwana, anamulandirira pamkono, osati m'manja, n'kumubweza msangamsanga akuseka kuti, "Katenge kameneka, kandinyowetsa," pamene thewera linali louma.

A Chisamba anafika masana, foni ili kukhutu. Mzime anawadikira m'khitchini mpaka atamaliza kuseka ndi munthu wa kufoniyo.

"Achimwene, dzanja la bambo lafa."

"Lafa liti? Maliro ake ife osamva bwanji?"

"Sindikuseka ine. Sakutha kutsegula zigubu. Chikwerereni m'bwato muja akungodya mabisiketi ngati mwana wa sukulu."

A Chisamba anaivundikira foni patebulo. "Ndi dzanzi chabe limenelo. Dokotala anati ndi mitsempha, zimachitika kwa anthu opalasa."

"Dokotala? Ndiye kuti munapita nawo?"

A Chisamba anakanda pakhosi, pamene tayi sinkawafinya n'komwe. "Anandiletsa kukuuza. Akuti iwe uli ngati mayi, munthu akangotsokomola wayamba kale kufunsa mtengo wa bokosi."

"Nanga dokotalayo anati apite kunyanja?"

"Dokotala nyanja anaionera pa kalendala. Mlongo, vuto ndi iwe. Zigubu umamanga ngati watsekeramo mfiti. Ineyo wamphumphune ndingatsegule? Ungozimasulako pang'ono basi."

"Ndikamasula madzi alowa, mpunga uwola ali pakati pa nyanja. Ndiye adzadya chiyani? Mayina a makampani anuwo?"

A Chisamba anatenga foni yawo, nagwira mwana tsaya, n'kutuluka.

M'mawa mwake ndowa inatsika yodzaza. Timapepala ta mpunga, ta nyemba, tonyambitidwa mbee. Mzime sanasangalale. Makwerero omwe ankatsamira kukhoma la kumanzere anali atatsamira la kumanja, ndipo pambali yoyera ya bwato panali mzere wakuda wa polishi ya nsapato. Bambo ake ankapalasa mwamphamvu kuposa dzulo, maso ali kudenga, ngati munthu amene denga lamusangalatsa mwadzidzidzi.

Anaimbira foni achimwene akewo kuti abwere. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuyanika matewera, zopanira zili pakamwa.

"Munakwera m'bwato."

"Sanandipemphe. Lamulo likuti asapemphe. Sanapemphe."

"Lamulo likuti asathandizidwe. Kapena munaliwerengera kusukulu kwanu kuja mwamtundu wina?"

"Tamvera, Mzime." Mawu awo anatsika, nthabwala zonse zitachokamo. "Chaka chija mayi anatisiya, bambo osapita kulikonse, unawaona? Kukhala pakhonde kuyang'ana khoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Thalauza kumangira chingwe chifukwa lamba watha mabowo. Munthu uja pamtunda ndi nsomba. Ukamuletsa wamupha ndiwe, kungoti pang'onopang'ono, pampando."

Mzime anakung'unta thewera kawiri ngakhale linalibe kanthu. Kuwaona anawaona, kuposa a Chisamba amene ankangobwera Lamlungu ndi zipatso. Amene ankawameta ndevu chaka chimenecho anali iye. Amene ankachotsa mbale zosakhudzidwa, n'kupeza mabotolo kuseri kwa matayala akale, analinso iye. Zimenezo sakanatsutsa.

"Wofera pampando ndimamusambitsa," anatero potsiriza. "Ndimamuveka, ndimadziwa pamene wagona, mwanayu akakula ndikamuonetsa. Winayo ndizikamufunsa kwa ndani? Kwa nsomba?"

"Iwowo asankha kale."

"Asankha chifukwa mukuwanamiza. Zigubu mwawatsegulira, zikomo. Nanga kachitseko mukawatsekera ndinu?"

A Chisamba kachitsekoko ankakadziwa. Kumbuyo kwa bwato kunali kachipinda kogona, kongokwana munthu mmodzi atapinda miyendo, ndipo pakhomo pake panali kachitseko kozungulira kokhala ndi mphira m'mphepete. Funde lalikulu likabwera, bwato limagubuduzika. Kachitseko kakakhala kotseka, mpweya wa m'kachipindamo umalidzutsa lokha, munthu n'kungotuluka ndi zotupa pamutu. Kakakhala kotsegula, madzi amadzaza, bwato limakhala chafufumimba mpaka kalekale. Ndipo kachitsekoko sikatsekeka ndi dzanja limodzi. Lina limakoka mwamphamvu kuti mphira ikanikizike, lina n'kupotokola chogwirira mpaka chilire kuti kwe.

N'chifukwa chake mayi anali ndi mayeso ena, amene ana ankawakonda kuposa masewera onse. Nthawi ina iliyonse, bambo akudya kaya akuwodzera, mayi ankamenya lata la shedi ndi chivundikiro cha poto n'kukuwa kuti "Funde!" Kenako ankayenda, osathamanga, kupita pa mpopi wa pakona, kutsegula, n'kulunjikitsa paipi pa kachitseko. Madzi akamafika, bambo azikhala ali m'kati atatseka. Ana ankalumphalumpha kufuna kuti anyowe, koma sananyowepo. Ankangoonekera pa kagalasi ka kachitsekoko atatulutsa lilime.

"Zimene zija zinali za kale," anatero a Chisamba. "Iwenso zaka zapitazi sunachiteko."

"Sindinkaona chifukwa."

"Munthu wamkulu uja ukamuthire madzi ngati galu wakuba mazira? Ndi bambo ako amene aja."

"Ndikudziwa kuti ndi bambo anga." Anamasula nsalu, natsitsa mwana kumsana. "Gwirani mwanayu. Mugwire mutu, si foni imeneyo."

Dzuwa linali litapendeka pang'ono, malata a shedi akuthetheka ndi kutentha. Mzime analowa ndi chivundikiro cha poto wamkulu. A Namondwe anali akupalasa pang'onopang'ono, thukuta likuyenderera m'makwinya a khosi, lamba wodzitetezera ali pachifuwa ndi chingwe chake chokoleka ku bwato, monga mmene amakhalira kunyanja. Anachiona chivundikirocho. Nkhafi zinaima pang'ono m'malere, kenako zinapitiriza.

Mzime anaima pakhoma. Akanatha kubwerera. Akanatha kunena kuti anabwera kudzatenga tsache. Anakumbuka mmene bambo ake ankamunyamulira paphewa akabwera ku ulendo, manja awo okhakhala ngati khungwa, akumuuza kuti nyanja yapereka moni. Anamenya lata.

"Funde!"

Anayenda kupita ku mpopi osatembenuka, koma makutu ankaona zonse. Nkhafi yamanzere inagwa. Yamanja sinagwe. Anamva mphira ikulira, bambo ake akulimbana ndi chubu chija, akuchikoka ndi zala zamanzere, kenako ndi mano. Anatsegula mpopi, paipi inagwedezeka m'manja mwake, natembenuka. A Namondwe anali akadali pampando, dzanja lili lomangika ku nkhafi. Madzi anawamenya pamsana, n'kudutsa kukalowa m'kachipinda kosatseka.

Anatseka mpopi. M'shedi munangomveka madzi akudontha kuchokera pa ngolo.

"Bwereza."

Anali mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo chikwerereni m'bwatomo. Sanali opempha thandizo, choncho lamulo linali lisanasweke.

Ulendo wachiwiri a Namondwe chubu anachisiya chomasula, dzanja litangosanjikidwa pa nkhafi. Mzime anaona kuti kumeneko n'kubera, koma anazilola. Anamenya lata. Pofika pa mpopi, bambo ake anali atakwawa kale ngati buluzi, alowa chambuyo, akoka kachitseko. Thupi lonse linkakumbukira ntchito yake, kupatula dzanja limodzi lija. Lamanzere linakoka. Lamanja linafika pa chogwirira, zala n'kungoterereka ngati zapakidwa mafuta. Anasinthanitsa: lamanja likoke, lamanzere lipotokole. Lamanja linalephera kukoka, kachitseko kanabwerera, pakati n'kutsala mpata wolowa chala. Madzi anaupeza mpatawo.

"Bwereza."

"Bambo..."

"Ndati bwereza! Wagontha?"

Anabwereza. A Namondwe anayesa kukoka ndi mano pa kachingwe ka chitseko, mutu n'kugunda pa felemu. Anayesa kukoleka chigongono. Anayesa kutsamira chagada kuti akanikize ndi phazi, koma kachitsekoko kankatsegukira kunja, phazi linkangokakankhira kutali. Nthawi iliyonse Mzime ankayenda mtunda womwewo pa liwiro lomwelo, ngakhale miyendo inkamupempha kuti achedweko pang'ono. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo iye anali akuwaimbira kale ndi lata. Kuposa pamenepo sakanawapatsa.

Madzi anayamba kuyenderera pansi mpaka pakhomo la shedi. A Chisamba anatulukira pamenepo, mwana akulira m'manja mwawo, nsapato zawo zapolishi zili m'madzi.

"Mzime, wapenga? Basi! Ukufuna adwale chibayo?"

"Choka apo iwe!" Anali a Namondwe, mutu uli kunja kwa kachipinda, madzi akutsika m'ndevu, pamphumi pakutuluka magazi pang'ono. "Unandithandiza dzulo, wandithandiza chiyani? Choka! Iwe, menya latalo."

Mzime anamenya. Mawu oti "funde" anatuluka osweka, ngati a munthu wa chimfine. Anayenda. Anatsegula. Ulendo uno kachitseko kanaoneka kotseka, ndipo mtima wake unadumpha, osadziwa ngati ukudumpha ndi chimwemwe kapena mantha. Analunjikitsa madzi pa mphira penipeni monga ankachitira mayi. Pa kagalasi ankaona nkhope ya bambo ake, mano ali gwa, mitsempha ya pakhosi itaima, dzanja lamanzere likukoka ndi mphamvu zonse, lamanja likupapasa chogwirira ngati la wakhungu. Kulira kuja kwa kwe sikunamveke. Mkono wamanzere unanjenjemera, unanjenjemeranso, kenako unatopa. Kachitseko kanatseguka kokha pang'onopang'ono, madzi n'kuwamenya kumaso.

Sanadzitchinjirize. Anangokhala momwemo, maso otseka, mpaka Mzime anatseka mpopi.

Anadikira mawu aja oti "bwereza." Sanabwere.

A Namondwe anatuluka m'kachipinda chokwawa, nakhala pampando wopalasira. Anavula golovesi ndi mano, naika dzanjalo pa bondo, n'kumaliyang'ana. Linali lowonda pakati pa chala chachikulu ndi chinzake, pamene kale panali nyama yolimba ngati mwala. Anayesa kulifumbata. Zala ziwiri zinamvera, zinazo zinangogwedezeka. Anakhala choncho nthawi yaitali, akunjenjemera ndi kuzizira, ndipo ngakhale mwana analeka kulira.

"Mayi ako," anatero osakweza mutu, "ankayenda mofulumira kuposa iwe."

"Ndikudziwa, bambo."

"Wandichitira chifundo."

"Ayi. Miyendo yanga ndi yaifupi."

A Namondwe anatulutsa kamphepo m'mphuno, kosafika pa kuseka. Kenako anayang'ana makwerero amene anali kukhoma. A Chisamba anasuntha kuti akawatengere, koma Mzime anawagwira mkono. A Namondwe anamasula chingwe chawo ku bwato ndi dzanja lamanzere, nakhala m'mphepete, miyendo ili lende. Anatsikira pa tayala la ngolo, naima pamenepo, phazi limodzi lili m'malere pamwamba pa simenti yonyowa. Mzime anayang'ana phazilo, loyera ndi madzi, zikhadabo zokhuthala. Kenako linaponda.

"Bambo, tikhoza kusintha chitsekocho," anayamba a Chisamba mofulumira. "Pali anthu amene angapange china cha dzanja limodzi, ndiwaimbira lero lomwe, tingochedwetsa ulendo pang'ono..."

"Ndipo nkhafi upange ya dzanja limodzi. Ndi nangula. Ndi nyanja yomwe." A Namondwe anapukuta magazi pamphumi ndi mkono. "Kawauze anzako a masutiwo kuti adzamatule mayina awo."

Anatembenukira kwa Mzime. Iye anayembekezera kukalipiridwa, ndipo akanakonda kukalipiridwa. Koma maso amene anamuyang'ana anali ofiira ndi madzi, opanda mkwiyo, opanda chilichonse.

"Wandipha, Mzime."

"Eya, bambo," anatero Mzime. "Tiyeni mukasinthe malaya."

Anayenda okha kulowera kukhomo, miyendo yotalikirana monga amayendera anthu a m'madzi, chingwe cha lamba chikukwekwereka pambuyo. Pakhomo penipeni, ngowe ya chingwecho inakola pa njanji ya chitseko cha shedi. Chingwe chinakungika, iwo n'kuima. Anakoka kamodzi, sichinachoke. Anapapasa pachifuwa kuti amasule lamba yense, koma chomangira chake chinkafuna zala ziwiri zofinya mbali iyi ndi ziwiri mbali inayo. Anasiya. Sanatembenuke, sanaitane munthu. Anangoima pamenepo atafulatira ana awo, madzi akudontha m'kabudula, akudikira.

Mzime anapita, nagwada m'madzimo, n'kukolola ngoweyo. Anakulunga chingwe bwinobwino nachiika m'dzanja lawo lamanzere. Iwo anachilandira osamuyang'ana, n'kupitiriza ulendo wa kunyumba.

"Wakondwa tsopano?" anafunsa a Chisamba chapansipansi.

Mzime anapukuta m'maso ndi mphepete ya nsalu, natenga makwerero, n'kukwera m'bwato. M'kachipinda munali madzi ofika m'kakolo, bulangeti likuyandama. Anayamba ndi matiresi, kuikoka, kuifinya, kuiponya pansi. Dzuwa linali likadalipo, ndipo akanachedwa ikanachita nkhungu.